Funsani a Nesi: Amayi asiya mankhwala a BP, akuti achira

FUNSO: Zikomo a Nesi. Ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Amayi anga ali ndi zaka 61, chaka chatha anawapeza ndi BP, mashini analemba 172/98 ndiye anawapatsa timapilitsi toti azimwa mmawa uliwonse. Anamwa miyezi inayi basi nkusiya, akuti achira poti mutu unasiya kuwawa komanso mtima sukuthamanga, eti BP yawo inabwera ndi maganizo a maliro a abambo ndiye pano mtima unakhala pansi. Ndikawauza amandikalipira kuti iwe ndi mwana wa dzulodzuloli. Kodi BP imatha? Nanga manambala awiri aja amatanthauza chani?

YANKHO: Achemwali, pepani ndi maliro a abambo. Amayi anu si oyamba kuganiza choncho, ndipo ine ndimaona kuti dzina lenilenilo ndi limene limatisocheretsa. Timati "kuthamanga kwa magazi" ndiye munthu amagwira pachifuwa, akamva mtima ukugunda bwinobwino amati basi ndachira. Koma mashini aja sayeza liwiro ayi, amayeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha. Inu a ku Lizulu mumadziwa paipi yothirira kudimba, mukatsina kukamwa kwake ndi chala paipi ija imauma gwaa ngakhale injini ili phee kulira mwa masiku onse. BP ndi kuuma kwa paipi kuja.

Tsiku lina kwanu akapha mbuzi mupemphe mtima muudule pakati musanawotche. Muona zipinda zinayi, ziwiri mmwamba ziwiri mmunsi, ndipo chipinda chimodzi chammunsi khoma lake ndi lochindikala kwambiri kuposa linzake. Wathu uli chimodzimodzi, kukula kwake ngati chibakera cha mwini wake. Mbali ya kumanja imangokankhira magazi kumapapo, pafupi pomwepa, kuti akatenge mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere ndi imene ili ndi chintchito, imakankha magazi kuti akafike kuubongo mpaka kuchala cha kuphazi, nchifukwa chake khoma lake ndi lonenepa. Mtima wonsewo ndi mnofu, koma mnofu wake ndi wina, sudikira kuti muuuze. Uli ndi kamalo kake mchipinda chammwamba cha kumanja komwe kamayatsa timagetsi tokha, ndiye umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi munthu akangokhala, patsiku zimakwana cha mma 100,000, ndipo pa mphindi iliyonse umapopa malita pafupifupi 5, omwe ndi pafupifupi magazi onse a mthupi la munthu wamkulu. Kuyambira muli mmimba, opanda tchuthi ngakhale pa Khirisimasi.

Manambala aja tsono. Yammwamba, 172 ija, ndi mphamvu ya magazi nthawi imene mtima wafinya. Yammunsi, 98, ndi imene imatsala mmitsempha mtima ukamasuka kuti udzadzenso. Anthu ambiri amangoyang'ana yammwamba koma yammunsiyo ine ndimailemekeza, chifukwa mnofu wa mtima nawo umadya, uli ndi timitsempha take tomwe timaupatsa magazi, ndipo timadzadza bwino pa kanthawi kakumasuka komweko. Zabwino ndi cha mma 120/80. Zikamafika 140/90 kapena kupitirira, atayeza masiku osiyanasiyana, ndiye timati munthu ali ndi BP.

Za maganizo amayi sakunama kwenikweni. Chisoni, mantha, mkwiyo zimakwezadi BP kwa kanthawi. Koma kwa akuluakulu ambiri maliro amangochititsa kuti munthu apite kuchipatala nkukapezeka ndi chinthu chimene chinalipo kale mwakachetechete, poti tikamakula mitsempha imauma, sitanukanso ngati kale, komanso impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi ochuluka ndiye paipi yomweyo madzi achuluka. Nanga bwanji sakumva kanthu? Mkhosi muno ndi pamtsempha waukulu wotuluka mumtima muli timalonda tomwe timayeza BP nkumauza ubongo kuti yakwera kapena yatsika. Vuto lake timalondati timazolowera, BP ikakhala pamwamba kwa masiku angapo timayamba kuona ngati mpamene iyenera kukhala, basi sitikuwanso. Munthu akhoza kumalima, kumapita ku Mvano, kumaseka, ali ndi 170. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 mMalawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo samadziwa nkomwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi khoma lakumanzere lija. Likamakankha molimbana ndi paipi youma chaka ndi chaka limanenepa, ndipo wina angati si bwino nanga, akabaza katumba zawo zimakula ndi kupalasa. Ayi, kumtima sizili choncho. Khoma likanenepa limauma, chipinda sichidzadzanso bwino, timitsempha take tija sitikwanitsa kulidyetsa, mapeto ake mtima umatopa ndiye mpamene mumaona gogo miyendo yatupa, akakwera kachitunda pang'ono ali wefuwefu, usiku akulephera kugona chagada mpaka kusanjikiza mapilo atatu. Kwina mtsempha wa muubongo umaphulika kapena kutsekeka, ndiyo sitiroko ija, munthu kudzuka mkamwa mwapotoka mkono sukugwira, kenako pamudzi nkuyamba kulozana zala. Impso ndi maso nazo zimawonongeka mosamveka.

Kunena mosabisa, kwa anthu ambiri a msinkhu wa amayi BP siitha, imangogwiridwa. Simunanene dzina la mapilitsiwo koma amene timawaona kawirikawiri ndi HCTZ, amene amauza impso kuti zitaye mchere ndi madzi (nchifukwa chake akumwa mmawa, mukamwa usiku mugonera kuchimbudzi kkk), amlodipine amene amamasula makoma a mitsempha, ndi enalapril amene amatseka njira ya timadzi tina toyambira kuimpso tomwe timafinya mitsempha. Onsewa mphamvu yake ndi ya tsiku kapena kupitirirako pang'ono. Mutu unasiya kuwawa ali pamankhwala, atasiya BP iyenera kuti inabwerera mmasabata ochepa chabe.

Musakangane nawo, simungawine. Apempheni akuperekezeni inuyo kukayezetsa, nanunso muyezedwe poti zimayenda mmagazi, kapena mudutsire kwa amalume kaya mnzawo wa kutchalitchi amene amamumvera. Mukafika akhale kaye pansi mphindi 5, asayezedwe ali befu. Akaona okha nambala. Ndipo muwafunse mwaulemu ngati mapilitsiwo amawavuta penapake, ambiri amasiya chifukwa amlodipine watupitsa akakolo kapena enalapril wawapatsa kachifuwa kouma kosatha, koma amachita manyazi kunena, pomwe kuchipatala akhoza kungowasinthira.

Kukhitchini nako muyang'aneko. WHO imati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi basi, kuwerengera zonse: wa mndiwo, wowaza pachipisi cha pachiwaya, wa mmakiyubu, ngakhale soda wa mtherere ali mgulu lomwelo. Komanso kwanuko kumazizira, June ndi July mitsempha imafinyika ndi chisanu BP nkukwerako, ndiye si nyengo yoti munthu akhale opanda mankhwala. Tsiku lina mukadzaona nkhope yapendekeka, mkono wafooka kapena mawu akukokeka, osadikira kuche, pezani galimoto nthawi yomweyo.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 27 wa ku Bembeke. Ndikanjuta nthawi yaitali pokumba kachewere nkudzuka mwadzidzidzi mmaso mumada bii, mtima nkugunda kwambiri. Anzanga akuti ndi BP, zoona?

YANKHO: Achimwene, imeneyo ndi BP yotsika kwa kamphindi, osati yokwera. Mukadzuka mwachangu magazi pafupifupi theka la lita amatsikira kumiyendo ndi kumimba, obwerera kumtima amachepa, ubongo nkuperewedwa pang'ono, mdima uja ndi umenewo. Timalonda ta mkhosi tija timazindikira msanga nkulamula mtima kuti ufulumire ndi mitsempha kuti ifinye, ndiye kugunda mukumvako ndi thupi likukonza zinthu. Zimanyanya mukatuluka thukuta lambiri osamwa madzi, mukapita kumunda mmimba muli pululu, kapena dzulo lake munali pa kachasu. Tengani chigubu cha madzi kapena thobwa kumunda, podzuka muziyamba mwagwira khasu kaye nkuwongoka pang'onopang'ono. Koma ngati munagwapo nkukomoka, kapena zimabwera ndi kuwawa pachifuwa, kapena mtima umadumphadumpha mutangokhala, pitani akakuyezeni BP mutagona komanso mutaimirira, aonenso ngati magazi sakuchepa mthupi.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi 7, kusikelo akuti BP yakwerako. Apongozi ali ndi mapilitsi awo a BP, ndingamweko? Wa ku Tsangano.

YANKHO: Ayi mayi, chonde musayerekeze, ena mwa mapilitsi amenewo monga enalapril amawononga impso za mwana ali mmimba. BP ya pakati ndi nkhani ina, ili ndi mankhwala ake ndipo amayezanso mkodzo. Bwererani kusikelo sabata yomwe ino osadikira deti ya mbuku, ndipo mutu ukawawa kwambiri, mmaso mukamachita nyenyezi, nkhope ndi manja zikatupa kapena pansi pa nthiti kumanja pakamapweteka, nyamukani tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku.