Madzi ali tho ku Kariba, nanga magetsi akuvutiranji?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ndi kachigayo ka magetsi kuno ku Chipata. Mu 2024 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ati madzi atha ku Kariba. Koma alamu anga amapha kapenta ku Siavonga, ndipo akuti maboti ankayenda monga mwa nthawi zonse. Mvula itagwa bwino kuno magetsi sanabwerere msanga. Kodi akutinamiza, kapena anzathu a ku Zimbabwe ndiwo akutimwera madzi?
Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Amayi, alamu anuwo sananame, ndipo amagetsi nawonso sananame. Nyanja ya Kariba ikadzaza imasunga madzi pafupifupi makiyubiki mita 180 biliyoni, koma amene angapukuse makina opanga magetsi ndi a pamwamba okha, pafupifupi 65 biliyoni. Taganizani za mgolo umene mpopi wake anauika chapakati. Madzi akatsika kupitirira pampopipo, mumgolomo madzi alimo ndithu, koma chidebe chanu chibwerera chouma. Ku Kariba makina amagwira ntchito madzi akakhala pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 pamwamba pa nyanja yamchere. Mamita 13 basi. Madzi ena onsewo ndi a kapenta ndi ng'ona. Choncho mukamva pa wailesi kuti Kariba yatsala ndi 5 peresenti, akuwerengera mamita 13 amenewa, osati nyanja yonse.

Za a ku Zimbabwe, ndiyankhe mosapsatira. Khoma la damuli, lomwe linatha kumangidwa mu 1959, lili pamalire penipeni. Tsidya la Zambia kuli makina a mamegawati 1,080, tsidya la Zimbabwe a 1,050, ndipo onse amatunga m'nyanja imodzi. Amene amagawa madzi ndi bungwe la Zambezi River Authority, lomwe maboma awiriwa amaliyendetsa limodzi kuyambira mu 1987. Chaka chilichonse limaona madzi amene alipo ndi mvula imene ikuyembekezeka, kenako limagawa pakatikati. Mu 2024 linaloleza makiyubiki mita 16 biliyoni okha, dziko lililonse 8 biliyoni. Wopyola muyeso amaoneka. Mu Novembala 2022 bungweli linalembera kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe kuti iimitse makina chifukwa gawo lake linali litatha.

Koma ine pamenepa sindingaloze chala tsidya limodzi. Mayiko onse awiri anawonjezera makina, Zambia a mamegawati 360, Zimbabwe a 300, chonsecho mtsinje ndi womwe uja. Makina ambiri amathandiza madzulo pomwe aliyense wayatsa sitovu. Akamazungulira usana ndi usiku, ndiye kuti madzi a chaka chamawa tikumwera lero.

Tsono mvula ya ku Chipata. Pepani amayi, ngakhale itagwa yogumula nyumba, dontho lake silifika ku Kariba. Mitsinje ya kwanuko imathira mu Luangwa, ndipo Luangwa amakumana ndi Zambezi kumunsi kwa damu, pafupi ndi Zumbo. Mvula yanu imakadzaza damu la Cahora Bassa ku Tete, m'dziko la Mozambique. Kafue nayenso amalowa kumunsi. Yodzaza Kariba ndi mvula ya kummawa kwa Angola ndi ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, cha ku Mwinilunga uko. Madzi ake amayamba afalikira m'chigwa cha Barotse, n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo ku Victoria Falls amafika pachimake cha mu Epulo. Mu 2019 mwambo wa Kuomboka, pomwe mfumu ya Alozi imasamuka pa bwato kuthawa madzi osefukira, unalephereka chifukwa chigwacho sichinasefukire, ndipo chaka chomwecho magetsi anavuta zedi. Nyanja yaikulu chonchi ikaphwa siidzaza ndi dzinja limodzi.

Ngakhale chaka cha madzi ambiri, oyendetsa damu sangangotseka n'kumasunga. Amayenera kusiya malo olandirira madzi osefukira, kuopa kutsegula zitseko zonse zisanu ndi chimodzi mwadzidzidzi anthu a ku Mozambique ali mtulo.

Ngati mukuganiza zogula injini ya dizilo ya chigayocho, dikirani kaye cha mu Juni, pomwe nyanjayi imakhala itafika pomwe ingafike chaka chimenecho. Bungwe lija limalengeza mlingo wa madzi pafupipafupi. Ukakhala wotsika mu Juni, dziwani kuti pofika Okutobala chigayo chizidzalira usiku wokha.