Mafunso a Owerenga: Kodi Imfa ya Kholo Lathu Lachiyuda Inalembedwa Kuti?

FUNSO

Akonzi, makolo athu anachokera ku Malawi n'kudzakhazikika ku Bulawayo kalekale. Malemu agogo anga aakazi ankatiuza kuti bambo awo anali Myuda wasitolo wochokera ku Russia, ndipo kuti cha m'ma 1930 anadwala napita ku Johannesburg kukafuna chithandizo, osabwererakonso. Tili ndi dzina lawo lachizungu ndi chithunzi chimodzi basi. Ndikulemba mbiri ya banja lathu, choncho ndikufuna kudziwa tsiku limene anamwalira ndi kumene anaikidwa. Kodi ndiyambire pati?

Wowerenga wa ku Bulawayo

YANKHO

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ambiri amathamangira kukapempha chiphaso cha imfa ku unduna wa Home Affairs wa dziko la South Africa, koma ife tikukulangizani kuti muyambire kumanda, pakuti alembi aboma sangakuthandizeni msanga ngati simukudziwa ngakhale chaka chenicheni chimene munthuyo anamwalira.

Pakati pa Ayuda, maliro amayendetsedwa ndi bungwe lotchedwa Chevra Kadisha, limene ntchito yake ikufanana ndi ya adzukulu kwathu: kusambitsa mtembo, kuuveka nsalu yoyera ndi kuuika m'manda. Kusiyana kwake n'koti iwo amalemba zonse m'kaundula. Bungwe la ku Johannesburg linakhazikitsidwa mu 1888, ndipo Ayuda a mumzindawo ankaikidwa poyamba ku Braamfontein, kenako ku Brixton, ndipo kuyambira m'ma 1940 ku Westpark. Popeza kholo lanu linamwalira m'ma 1930, manda a Brixton ndiwo oyamba kuwaganizira. Mwambo wa Ayuda ndi woika maliro mwamsanga, kawirikawiri pasanathe masiku awiri, kotero n'zokayikitsa kuti mtembo unabwezedwa ku Bulawayo. Mungalembere bungwelo, koma musanatero fufuzani dzinalo pa intaneti mu kaundula wa manda a Ayuda wotchedwa JOWBR, amene ali pa JewishGen, tsamba lofufuzirapo mbiri ya mabanja a Ayuda, ndipo salipiritsa.

Mukapeza manda, pemphani chithunzi cha chiliza chonse, osati mbali ya Chingerezi yokha, chifukwa chuma chenicheni chili m'malemba a Chiheberi. Pamenepo pamalembedwa dzina limene munthuyo ankaitanidwa nalo m'sunagoge, kenako mawu akuti "ben", kutanthauza mwana wamwamuna wa, n'kutsatira dzina la bambo ake. Mzere umodzi umenewu umakupatsani m'badwo wina wathunthu, komanso umasiyanitsa munthu wanu ndi ena a dzina lofanana. Zimenezi n'zofunika kwambiri popeza ambiri anasintha mayina atafika ku Africa kuno: Moshe ankasanduka Morris, Hirsch ankakhala Harry, Leib ankatchedwa Louis, ndipo dzina la mfunda limodzimodzi linkalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi khutu la mlembi.

Tsiku la pachiliza nalonso lifuna kusamala. Chaka cha Ayuda chimayamba mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo kuti muchifananize ndi chathu mumachotsapo 3760. Chaka cha 5695, mwachitsanzo, chimapereka 1935, ngakhale kuti miyezi yake yoyambirira inagwera kumapeto kwa 1934. Tsiku lawonso limayamba dzuwa likalowa, motero munthu womwalira usiku angaoneke ngati ali ndi masiku awiri a imfa. Musaganize kuti wina analakwitsa.

Tsiku likadziwika, funani chikalata chotchedwa death notice. Ichi n'chosiyana ndi chiphaso cha imfa, ndipo kwa wolemba mbiri ya banja n'chothandiza kuposa chiphasocho. Chinkaperekedwa kwa mkulu wa khoti woyang'anira chuma cha masiye, ndipo chimatchula kumene malemu anabadwira, makolo ake, mkazi wake ndi ana ake. Mafayilo a chigawo chakale cha Transvaal, mmene munali Johannesburg, amasungidwa ku National Archives ku Pretoria, ndipo zithunzi za ambiri mwa iwo zimapezeka pa intaneti, pa tsamba la mbiri ya mabanja lotchedwa FamilySearch. Komabe, ngati sitolo inali ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), n'kutheka kuti nkhani ya chumacho inatsegulidwa kumeneko, choncho mufunsenso ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, kumene kulinso kufupi ndi inu.

Apa tiyenera kukuchenjezani mosabisa mawu. Chikalatacho chinkadzazidwa ndi m'bale kapena mnzake wa malemu, ndipo masiku amenewo ana amene azungu ankabereka ndi amayi achikuda nthawi zambiri sankalembedwa. Mungapeze kuti munthuyo analembedwa ngati wosakwatira ndi wopanda mwana, kapena kuti anali ndi banja lina limene agogo anu sankalidziwa. Zikatero, sikuti agogo anu ananama. Werengani fayilo yonse, makamaka wilu ndi mndandanda wa katundu, chifukwa dzina la sitolo kapena ndalama zosiyidwa kwa mayi wina wake zingakhale umboni umene mukuufuna.

Za ku Russia zija, musadabwe mukapeza Lithuania. Dzikolo linali pansi pa ufumu wa Russia mpaka nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo Ayuda ochuluka amene anabwera kum'mwera kwa Africa pakati pa 1880 ndi 1930 anachokera kumeneko. Mizinda yake ili ndi mayina awiriawiri: Kovno ndi Kaunas, Ponevezh ndi Panevėžys, Vilna ndi Vilnius. Mukakhala ndi dzina la Chiheberi, dzina la bambo ake ndi mudzi wobadwira, mungathe kufufuza m'zolemba zimene gulu la LitvakSIG, lofufuza mbiri ya Ayuda a ku Lithuania, linamasulira, komanso m'makaundula a Poor Jews' Temporary Shelter, nyumba yofikiramo Ayuda osauka ku London, kumene ambiri ankagona podikira sitima ya pamadzi yopita ku Cape Town. Chithunzi chanu chija muchitembenuze kaye, muone ngati kumbuyo kwake kuli chidindo cha wojambula kapena malemba a Chiyidishi, chilankhulo chimene Ayuda a kumeneko ankalankhula.