Mota ya Elec-Trak musaipereke kwa wa hamala

Achimwene, mwafunsa za mota ya Elec-Trak yanu, thirakitala ya mabatire yotchetchera kapinga. Fungo la waya wopsa mukunenalo, kuphatikiza moto ukuthetheka mkati mwa motawo, zimitsani lero lomwe. Musati ndimalize kaye kapinga wakuseriyu. Ine ndinatero, ndinalira.

Elec-Trak yanga ndi ya mtundu wa E15, ndinagula kwa agogo ena konkuno ku South Bend, ku America, mabatire sikisi a 6 volt, pamodzi 36, chimodzimodzi yanuyo. General Electric inapanga zimenezi m'ma 1970, ndiye anthu ozidziwa anatha. Mota imodzi mwa zitatu zotchetchera zija inayamba kulira ngati chigayo chopanda chimanga. Mnzanga wakutchalitchi anandilozera bambo wina amene amati amakonza tingolo ta gofu. Anaisunga milungu itatu, ndalama n'kulandira zonse.

Loweruka lake kutentha kwa July kuja, kunyumba kukubwera alendo, ndakwera bwinobwino. Sindinazungulire bwalo kawiri. Ndinangomva khooo, kenaka utsi kuti tolo pakati pa miyendo yanga. Waya wopita ku mota anasungunuka, udzu wouma umene unamatirira pansi paja n'kuyaka. Ndinadumpha osazimitsa, ndinabwereranso kukakoka switch yaikulu ija, chala kupsa. Mayi a kunyumba akuthamanga ndi poto wa madzi a nsima, ine ndikukuwa kuti ayi, mabatire! Moto ndinauzimitsa ndi malaya anga atsopano, aneba ali chilili pa mpanda, ayi ndithu manyazi ake.

Nditatsegula motayo usiku ndinagwira pakamwa. Maginito imodzi yosweka patatu, zidutswa zikukhula armature, chozungulira cha mawaya cha mkati mwa mota. Chitsulo chakunja chonse zipsera za hamala, kusonyeza kuti munthuyo pochotsa bearing ankangomenya ngati akuswa miyala. Commutator, kopa wa pa armature amene mabulashi opereka magetsi amakhudza, anaikwecha ndi emery, pepala lokwechera zitsulo, chonsecho fumbi lake limadutsa magetsi, linadzaza m'timipata tonse. Mabulashi? A sitata ya galimoto, ochita kupala kuti alowe. Anakumba mzere pa kopa ngati khasu. Kumuimbira foni, akuti zinthu zakale zimafa basi. Zakale zake zimenezo zinagwira ntchito zaka 50 iye asanazikhudze! Mpaka lero ndikamuona kusitolo mtima umachita phaa.

Ndiye inu musapatse munthu, tsegulani nokha, mulibe ufiti m'menemo. Chotsani kaye waya wa mabatire. Lembani mzere pa chivundikiro ndi thupi la mota kuti pobwezera zikumane pomwe zinali. Onani ngati mabulashi afupika kapena akukanirira, ma spring awo ngati adakali ndi mphamvu. Commutator pukutani ndi sandpaper yosalala, timipata tija mukolokose bwino. Bearing yapansi ndi imene imayamba kufa, chifukwa motazi zimaima chilili, madzi akalowa amakhazikika pomwepo, ndiye zotsuka ndi paipi muleke. Mabatire muyezenso imodziimodzi, imodzi ikafooka mota imavutika n'kutentha.

Komabe mukapeza armature yada, ikununkha vanishi wopsa, musalimbane nayo. Pitani nayo kwa okonza masitata ndi ma alternator, makamaka achikulire, ali ndi makina oyezera. Yanga anaiona ndi otero, mwatsoka inali itapita kale, ndinagula ina yogwiragwira pa eBay. Hamala nanenso ndimagwiritsa bulashi ikakanirira, koma yamphira, komanso pang'onopang'ono. Tumizani chithunzi cha commutator yanuyo ndione mtundu wake.