Kodi Cholinga cha Nthambi ya Zaulimi pa Yunivesite Chimagwiradi Ntchito?

Mayi wina andilembera imelo yokhudza mwana wawo amene akufuna kukaphunzira ku nthambi ya zaulimi ndi sayansi ya zamoyo pa yunivesite ina ya ku America. Akuti m'chikalata chofotokoza cholinga cha nthambiyo ndi mfundo zimene imayendera anapezamo mawu okoma okhaokha, monga kutumikira anthu, kunena zoona ndi kusamalira chilengedwe. Akufuna kudziwa ngati mawuwa amagwiradi ntchito kapena ndi ongokopera ophunzira, komanso chimene chimagwirizanitsa ulimi ndi sayansi ya zamoyo.

Mayi, kukayika kwanu n'komveka, koma mawuwa ali ndi gwero lake. Mu 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo la Morrill, limene linapereka malo ku chigawo chilichonse, maekala 30,000 pa phungu aliyense wa chigawocho, kuti ndalama zogulitsa malowo zimangire makoleji ophunzitsa zaulimi ndi zaumisiri kwa ana a anthu wamba. Mu 1887 lamulo la Hatch linabweretsa malo ochitira kafukufuku, ndipo mu 1914 lamulo la Smith-Lever linakhazikitsa ntchito ya ulangizi. N'chifukwa chake nthambi zimenezi zimaima pa mafuwa atatu: kuphunzitsa, kafukufuku ndi ulangizi. Tisaiwalenso kuti malo ambiri amene anagawidwawo anachita kulandidwa kwa eni nthaka, Amwenye a ku America, ndipo ine ndimalemekeza kwambiri nthambi imene imavomereza zimenezi poyera ikamatchula chilungamo.

Pa funso lanu lachiwiri, ndikufotokozereni zimene zinachitika ku University of Wisconsin mu February 1933. Mlimi wina anafika kumeneko kukuzizira koopsa, atanyamula ng'ombe yakufa, mulu wa udzu wouma wotchedwa sweet clover umene unali utachita chuku, ndi chigubu cha mkaka chodzaza magazi amene sankaundana. Ng'ombe zake zinkafa ndi kukha magazi. Katswiri amene anakumana naye, Karl Paul Link, analibe mankhwala oti amupatse, ndipo anangomulangiza kuti asiye kudyetsa ziwetozo udzuwo. Mlimiyo anabwerera ali wokhumudwa, koma vuto lake linatsala m'manja mwa Link ndi ophunzira ake, amene analimbana nalo zaka zisanu ndi chimodzi mpaka mu 1939 pamene anapeza chimene chinkaletsa magazi kuundana. Kuchokera pamenepo kunabadwa warfarin, amene anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati poizoni wa makoswe, ndipo mu 1954 analoledwa kukhala mankhwala a anthu amene magazi awo amaundana m'mitsempha. Mpaka lero madokotala amawapatsa odwala. Chimodzimodzinso streptomycin, mankhwala oyamba amphamvu a chifuwa chachikulu, anapezeka mu 1943 ku yunivesite ya Rutgers ndi Albert Schatz ndi Selman Waksman, anthu amene ankafufuza tizilombo ta m'dothi. Amene wayamba kufufuza za ng'ombe kapena dothi sachedwa kufika pa magazi, chibadwa chimene ana amatengera kwa makolo, ndi matenda a anthu.

Kwa ine, cholinga chenicheni cha nthambi yotere chili m'chigubu cha mlimi uja: funso lizichokera kwa munthu amene ali pa vuto, ndipo yankho lizibwerera kwa iye. Katswiri wa zaulimi George Washington Carver anazimvetsa bwino zimenezi ali pa sukulu ya ukachenjede ya Tuskegee, moti mu 1906 anakonza ngolo yonyamula zipangizo zophunzitsira kuti izikafika kwa alimi achikuda amene sakanatha kusiya minda yawo n'kupita m'kalasi.

Mfundo zimayesedwa ndalama zikalowapo. Stephen Babcock, wa ku Wisconsin komweko, anatulukira mu 1890 njira yosavuta yoyezera mafuta a mu mkaka, ndipo anakana kutenga umwini wake kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Warfarin anatengeredwa umwini ndi bungwe la Wisconsin Alumni Research Foundation, limene zilembo zake zoyamba zili m'dzina la mankhwalawo, ndipo phindu lake linkabwerera ku kafukufuku. Njira ziwiri zonsezi zili ndi ozikonda, koma pamene kampani yogulitsa mbewu kapena feteleza ikulipirira kafukufuku, m'pofunika kudziwa ngati zotsatira zoipira kampaniyo zimasindikizidwa.

Choncho mwana wanu akalembera nthambiyo, afunse ngati ophunzira a chaka choyamba ndi chachiwiri amaloledwa kugwira ntchito m'munda wa kafukufuku kapena mu labotale, ndiponso ngati amapita limodzi ndi alangizi kwa alimi. Afunsenso vuto limodzi limene alimi anabweretsa posachedwapa, amene analigwira, ndi pamene ntchitoyo yafika. Ngati n'kotheka, apemphe kulankhula ndi wophunzira amene ali m'chaka chomaliza pakhale palibe mphunzitsi.