Akachotsa phunziro la bizinesi ku yunivesite, mwana wanu ataya chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Ntcheu. Mwana wawo wamkazi ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akuphunzira za kadyedwe koyenera, ndipo wamva kuti akuluakulu akufuna kuchotsa phunziro loyambitsa bizinesi pa digiri yoyamba. Mayiwo afunsa kuti: "Mmene ntchito zikusoweramu, kodi sakumulanda mwanayu khasu m'manja? Makolofe tidandaule?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi (UNIMA) inagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Palinso LUANAR, MZUNI, MUST ndi mayunivesite omwe si aboma. Ovala mikanjo akuchuluka chaka ndi chaka pamene maofesi ndi omwe aja. Ngakhale masomphenya a Malawi 2063 akudalira achinyamata odzipangira okha chuma.

Komabe phunzirolo ine ndinalichita, ndipo ndikuuzani mmene linalili. Inali semesita imodzi, holo yodzaza, aphunzitsi akhama koma osatha kufikira aliyense. Pulani ya bizinesi tinalemba m'gulu la anthu khumi, olemba enieni tinali awiri. Mayeso ndinakhoza bwino. Nditamaliza sukulu ndinakongola ndalama ku banki m'khonde kudzera mwa mayi anga, n'kupita ku Bembeke kukaoda mbatatesi zoti ndizigulitsa kwa okazinga tchipisi ku Lilongwe. Papepala phindu linalipo lambiri. Sindinawerengere anyamata osoka matumba ndi okweza m'galimoto, tikiti ya msika, galimoto kufera pa Linthipe usiku wonse, kapenanso kuti mbatatesi yokumbidwa mvula ikugwa sichedwa kuola. Okazinga aja amatenga thumba n'kunena kuti "tikupatsani mawa", mawa lake osafika. Ulendo wachitatu mpamba unali utatha, ndipo ngongole ija anabweza ndi mayi anga atagulitsa mbuzi ziwiri. Zimandiwawabe mpaka lero.

Amene anandiphunzitsa pambuyo pake ndi mayi wina wogulitsa kabichi pa Lizulu, amene sukulu analekera ku pulayimale. Ndalama ya mpamba amaimanga payokha pansonga ya chitenje, saikhudza ngakhale kugwe maliro. Mtengo wogulitsira sautengera pa mmene anaodera dzulo, amautengera pa mmene akaodere mawa. Nzeru imeneyi inaoneka mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti: amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale anapezeka ali ndi ndalama m'manja zosakwanira kuodanso.

Choncho phunziro lija, mmene linkaphunzitsidwira kwa ife, sindingalilirire. Nthawi zina limangokhala njira yosambira m'manja, kumuuza wachinyamata kuti "udzilembe wekha ntchito" pamene alibe chikole, ndipo chiwongoladzanja cha Reserve Bank chomwe mabanki amatengerapo chinafika pa 26 peresenti mu 2024.

Chimene ndikuopa n'choti achotse osaikapo kanthu. Mwana wa eni sitolo amakula akuona buku la katundu ndi la ngongole patebulo, iye sataya kalikonse. Mwana wa mlimi wa ku Tsangano kapena Kasinje mwina m'kalasi imeneyi ndi mmene amamva koyamba kuti dzina la bizinesi limalembetsedwa ku boma, kuti ku MRA amapereka nambala ya wokhoma msonkho, kuti wopanga zakudya zamalonda amafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Iyeyo ndiye angapwetekeke.

Ndiye musadandaule kuti phunzirolo libwerere mmene linalili. Funsani kuti zinthu zimenezi azisamutsira kuti. Mwana wanu akamaphunzira kusakaniza ufa wa chimanga ndi soya wa phala la ana, pomwepo aziwerengeranso mtengo wa paketi imodzi, kuyambira pa soya, chigayo, magetsi, pulasitiki mpaka galimoto, ndipo anthu omwe akuchita kale malondawo aziitanidwa m'kalasi kudzafotokoza pamene anagwa. Mawu amenewa akamveka bwino akadzera kwa ophunzira eni ake, kudzera ku bungwe lawo, chifukwa kusintha kwa maphunziro kumakambidwa m'makomiti a yunivesite, ndipo NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, imaunikanso mapulogalamu.

Pakadali pano, akabwera kutchuthi mupatseni kandalama komwe mungapirire katatayika, ndi kope limodzi. Akaode tomato kapena anyezi pa Lizulu, akagulitse pa Ntcheu boma kwa milungu itatu, ndipo kwacha iliyonse yotuluka, ngakhale ya kabaza, ailembe. Akamaliza mudzandilembere kuti mpamba watsala zingati.