Mtunda ndi nthawi pa ulendo wa pa ndege: tizinena bwanji?

Funso: Ndimalemba zidziwitso za maulendo mu ofesi ina ku City Centre. Kodi ndilembe kuti "kutalika kwa Lilongwe ndi Blantyre ndi makilomita 240"?

Ayi mayi, lembani mtunda. Kutalika ndi kwa chinthu chimodzi, monga chingwe, mlatho kapena msewu umene ndege imathamangapo isananyamuke pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Mizinda iwiri imatalikirana, ndipo chili pakati pakecho ndi mtunda. Chiganizo chanu chikhale chotere: "Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pali mtunda wa makilomita pafupifupi 240 mlengalenga." Mawu oti mlengalengawo musawasiye. Wokwera basi ya pa M1, yodutsa ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, amayenda makilomita opitirira 300, ndiye akangoona 240 aziti mwanama.

Funso: Mwana wanga wandilembera kuti ulendo wa ku Johannesburg ndi wa "2 koloko ndi hafu". Walakwitsa pati?

Wasakaniza zinthu ziwiri, bambo. Koloko imanena nthawi imene wotchi ikuonetsa: ndege inyamuka 2 koloko masana. Ola limanena kutalika kwa ulendowo: ndege iuluka maola awiri ndi theka, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500. Samalaninso ndi mgwirizano wa mawu. Timati ola limodzi, maola awiri, mphindi imodzi, mphindi zisanu. "Maola ziwiri" kulibe m'Chichewa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kusiyana kwa mawotchi. Johannesburg ndi Lilongwe nthawi yawo ndi imodzi, koma Nairobi ndi Addis Ababa ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Tiyerekeze kuti ndege yanyamuka ku Lumbadzi 2 koloko masana n'kuuluka maola awiri ndi mphindi 15. Ikamatera ku Nairobi, mawotchi akumeneko akhala akuonetsa 5:15, pamene kwathu kuno ili 4:15. Tikiti imalemba nthawi ya malo amene ndege ikunyamuka ndi ya malo amene ikukatera, choncho munthu wongochotsera manambala awiriwo amaganiza kuti akhala m'mwamba maola atatu ndi mphindi 15. Ine ndimakakamira kuti polemba tizimalizitsa: "ifika 5:15 madzulo, nthawi ya ku Nairobi." Mawu anayi okhawo amapulumutsa wokachingamira mlendo ku bwalo.

Musiyanitsenso "ndege imauluka" ndi "ulendo wonse". Kupita ku Chileka ndege siikwanitsa ndi ola lomwe mlengalenga, komatu ulendo wonse umayambira pakhomo: makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda kukafika ku Lumbadzi, kuyeza katundu, kufufuzidwa, kudikira.

Funso: Cholondola n'chiti, "pa ndege" kapena "m'ndege"?

Zonse n'zolondola, koma chilichonse chili ndi malo ake. Pa ndege timanena njira imene munthu wayendera: agogo apita ku Blantyre pa ndege. M'ndege timanena mkati mwake: anaiwala chikwama m'ndege. Pofika, ndege imatera ndipo anthu ndiwo amatsika. Mukati "ndege yatsika", womva angaganize kuti yayandikira pansi koma ikadali m'mwamba, kapenanso kuti mtengo wa tikiti watsika.