Musataye ma rejisita amenewo achemwali

Achemwali, pomwe mwalemba kuti a kampaniwo akuti mukaika sisitimu ya pa kompyuta yosungira mbiri ya odwala pa kiliniki yanu ku Salimako ma rejisita mukhoza kutaya poti zonse zizisungika zokha pa cloud, kutanthauza pa intaneti, ine mtima wangoti myuu, chifukwa mawu ake ndi omwewo anatiuza ife kuno ku Nkhotakota, kusiyana tsiku basi. Ine ndi data clerk pa chipatala china cholipira kuno, dzina sinditchula poti ndikadali pompo ndipo ana akudya za pomwepo.

Zathu zinachitika mu Januwale 2023. Mukukumbukira mmene zinalili nthawi ija, Kapichira inali isanakonzedwe chiionongekereni ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ma megawati pafupifupi 130 kulibe, magetsi kumangobwera ngati mlendo, kolera ili pakati, mafuta a jenereta kusowa pa filling station. UPS yathu, kabokosi kosungira moto magetsi akazima, mabatire ake anali atafa kuyambira mu Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuno mabatire sakhalitsa inunso ku Salima mukudziwa, nde inkangolira tii tii tii tsiku lonse mpaka munthu wina zinamutopetsa anangozula seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse ija, nkuilumikiza ku khoma direct. Ine ndinalemba requisition katatu, ka-ta-tu, makope ake ndikadali nawo mu envelopu kunyumba. Yankho la bwana woona za ndalama linali lakuti dikirani bajeti, chonsecho mwezi omwewo mu ofesi mwawo munalowa makatani atsopano ndi mpando wozungulira uja. Mxii.

Usiku wa Lachiwiri kunagwa chimvula cha mphezi chochokera kunyanja, magetsi anazima madzulo nkudzabwera cha m'ma 2 koloko usiku ndi mphamvu yake yonse. Alonda akuti anangomva phu! kenako fungo la pulasitiki yopsa. Mmawa ndikutsegula kachipinda ka seva fungo lija linandilandira pakhomo, ndikudina batani zii, ngakhale kagetsi kobiriwira kaja osayaka. Ndinati palibe vuto tili ndi bakapu, kope la zonse za mu seva, pa hard drive ya pambali. Abale inu, hard drive ija inali pamwamba pa seva yomweyo, yolumikizidwa ku seva yomweyo, nde zinapsera limodzi. Kuika mbewu ya chaka chamawa mu nkhokwe yomweyo ya chimanga chakudya, moto ukabwera umasankha?

Pofika 7 koloko pa benchi padzaza, ndipo Lachitatu kwathu ndi tsiku la kiliniki ya a shuga, BP ndi khunyu. Anthu amenewa mbiri yawo yonse inali mu kompyuta chifukwa chibwerereni sisitimu ma clinician anachita ulesi kulemba mokwanira mu health passport, ankangolemba tsiku lobwereranso ndi kasiginecha. Gogo wina wabwera ndi mdzukulu wa khunyu, tikufunsa amamwa mankhwala ati, akuti timapilisi toyera tating'ono, theka mmawa kapena usiku sakukumbuka bwino poti amene amamumwetsa ndi mayi ake ndipo ali kumunda ku mpunga. Toyera tating'ono ndi tingati mu pharmacy muja? Wa insulin naye sakudziwa mayunitsi ake, amangodziwa pomwe anamuikira chizindikiro pa jakisoni. Ine ndili pakhomo ndi hardcover yomwe ndinakagula ndi ndalama yanga pa grocery, kulemba maina ndi bolopeni, kugawa manambala pa timapepala tong'amba pa katoni ya magolovesi, thukuta kuti chuu, anthu kundikalipira ine ngati mphezi ndinaitana ndine.

Koma chimene chimandidzutsa usiku mpaka pano ndi ichi. Kunabwera bambo wina msodzi wa cha ku Chia uko, zithupsa thupi lonse, health passport akuti inagwera m'madzi ali pa bwato. Clinician amene anamuona anali watsopano, sabata yachiwiri pa ntchito, anamulembera Bactrim pa kapepala. Bamboyo anapita pa windo la pharmacy, anamuwerengera mapilisi mu kapulasitiki kaja, kulembapo awiri mmawa awiri madzulo, iye kulandira, ndikumuona ndi maso angawa akufunsa komwe kuli mpopi kuti amweretu oyamba. Mwa chisomo cha Mulungu a Sister athu akuluakulu aja, amene onse tinkawaseka kuti amaopa mouse, ankadutsa ndi tray, anaima nkumuyang'anitsitsa nkuti, kodi inu si aja munasupuka khungu chaka chatha mpaka milomo kuchita zilonda? Bambo aja eya ndine. Anamulanda kapulasitiki kaja m'manja ngati akulanda mwana mpeni. Munthuyo Bactrim amamuwenga koopsa, anagonapo pa wodi masabata awiri, ndipo mu sisitimu dzina lake likangotsegulidwa pankabwera chenjezo lofiira. Chenjezo lija linapsera limodzi ndi seva. Mapilisi anali m'manja achemwali, mpopi unali masitepe khumi. Ine miyendo inangoti lobodo ndinakakhala pa sitepe kuseri kwa lab kaye.

Nde tiyeni kwa a kampani aja. Kuimba foni 7:15, osayankha. 8 koloko osayankha. Cha m'ma 11 mnyamata wina anayankha nkundifunsa ngati ndayesa kuzimitsa ndi kuyatsanso kkkkk ine ndikununkhiza utsi iye akuti restart. Ndikuti chabwino tipatseni za pa cloud zija tiike pa laputopu tiyambe ntchito, anati andiimbiranso. Anaimba mawa lake madzulo, mawu atatsika, akuti bakapu yomaliza yomwe ikuoneka kwawoko ndi ya mu Ogasiti. Chinachitika nchiyani? Ka rauta kamene kankatumiza bakapu usiku kanali ndi SIM yakeyake, bandulo inatha mu Ogasiti, iwo ankati ogula ndife, ife tinkadziwa kuti zili mu ndalama yomwe timawalipira mwezi ndi mwezi, ndipo kwawoko panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana ngati fayilo yafika. Miyezi isanu ndalama ankalandira ndithu, invoice yokha sinaphonyepo. Miyezi isanu ya odwala, zotsatira za ku lab, ngongole za anthu, stock ya mankhwala, zonse phulusa.

Kubwera kwawonso inali nkhani ina. Akuti mafuta kulibe ku Lilongwe, kenako akuti msewu wa M5 ndi woipa galimoto yawo ndi yaing'ono, kenako tiwatumizire kaye alawansi ndi ya malo ogona anthu awiri. Anafika patatha masiku naini. Atafika funso loyamba kwa ine, pamaso pa mabwana, linali lakuti kodi munadina chani. Ine! Ndipo poti aike sisitimu pa kompyuta ina zinapezeka kuti pasiwedi yaikulu ya database ankaidziwa munthu mmodzi yekha amene anasiya ntchito kwawoko nkupita ku Joni, anachita kumusaka pa WhatsApp masiku awiri. Bwana wa makatani uja pa miting anaimirira nkunena kuti ma clerk akuyenera kumasamala zipangizo, ndinatulutsa ma requisition atatu aja nkuwaika pa tebulo osayankhula kanthu, nkhani inasinthidwa pompo kupita ku za yunifolomu.

Anzathu a ku ART, kopereka ma ARV, mbali inayo ntchito inkayenda ngati palibe chachitika, chifukwa iwo mastercard ya pepala ya munthu aliyense ili mu fayilo ndipo rejisita amalemba ndithu, womwa ma ARV a 13A akabwera angotulutsa khadi kumupatsa mankhwala ake. Ifenso chinatipulumutsa pang'ono ndi a Sister omwe aja, anakana kutaya ma rejisita akale a OPD ndi a ku wodi, anawabisa mu kabati ya ku maternity pansi pa zofunda, ndipo a ku wodi kwawo sanasiye kulemba olo anawanena kuti akuchedwetsa ntchito. China, ndiulule, ndi fulashi yanga. Lachisanu lililonse ndinkakopera mndandanda wa anthu a shuga ndi BP ndi khunyu pa Excel kuti ndizikapangira lipoti kunyumba poti ku ofesi magetsi kunalibe, kafulashi ka pa makiyi a njinga, mosaloledwa ndithu. Mmenemo ndi momwe tinapeza mankhwala ndi milingo ya anthu pafupifupi 400 kuphatikizapo mdzukulu wa gogo uja. Zotsalazo tinalowetsanso pamanja, ine ndi mnzanga mmodzi, masabata sikisi mpaka 9 koloko usiku, ovataimu mpaka lero sitinaione, lipoti la mwezi la ku DHIS2, sisitimu ya malipoti ya unduna wa zaumoyo, tinatumiza mochedwa komanso manambala ena, Mulungu andikhululukire, anali ongoyerekeza.

Tsono musandimve molakwa, sisitimu ikani ndithu, pepala nalo si mpulumutsi. Amene munaona madzi a ku Dwangwa kumapeto a Febuluwale 2024 mukudziwa kuti buku likamira limasanduka phala, ndipo chiswe cha kuno rejisita ya chaka chimodzi chimamaliza osakhuta. Komanso chenjezo lofiira lija pepala silingakupatseni, ndi kompyuta yomwe inkamuteteza msodzi uja masiku onsewo. Koma musanasaine kalikonse afunseni a kampaniwo kuti seva itapsa lero 7 koloko mmawa, tiyambanso kugwira ntchito nthawi yanji, ndipo titaya za masiku angati? Ayankhe ndi manambala ndipo zilembedwe mu contract, pamodzi ndi amene azigula bandulo, amene azilipira mafuta akamabwera, ndi chilango akachedwa. Pasiwedi yaikulu ikhale mu envelopu yomata mu sefa ya chipatala, data ndi yanu si yawo.

Makope a data akhale atatu, ya pa seva, ina pa hard drive yomwe mukatha kukopera mukuizula nkukaitsekera ku nyumba ina osati chipinda chomwecho, yachitatu kutali pa cloud pawopo. Kuzulako nkofunika osati chifukwa cha mphezi yokha, ma virus otseka mafayilo nkumafuna dipo aja amagwira chilichonse cholumikizidwa. Musamati ife ndi kakiliniki ka kumudzi atifuna ndani, sisitimu ya mapasipoti ya dziko lino inagwidwa mu 2024 mpaka a Chakwera, President wa nthawiyo, anakanena ku Parliament mu Febuluwale kuti akuba pa intaneti akufuna dipo, ku South Africa nako mu Juni chaka chomwecho ma lab a boma a NHLS anagwidwa zotsatira za magazi kumachita kuperekedwa pa foni ndi pamanja. Ife kuno kompyuta ya ku reception ndi yomwe anthu amalowetsamo mafulashi a nyimbo ndi ma CV, nde ganizani. Ndipo kamodzi pa mwezi tengani bakapuyo muitsegule pa laputopu ina muone ngati wodwala wa dzulo akupezekamo, inuyo ndi maso anu, osati kungouzidwa pa foni kuti zili bhobho. Ife tikanachita zimenezi kamodzi kokha mu Seputembala bwenzi titagwira nkhani ya bandulo ija ndi ndalama yochepa.

Za magetsi musanyengerere, UPS yokhala ndi mabatire amoyo, surge protector yoteteza zipangizo magetsi akabwera ndi mphamvu yambiri, waya wa earth aonedwe ndi wa magetsi weniweni, ngati ndalama ilipo sola ndi inveta zapazokha za seva ndi rauta, osaphatikiza ndi filiji ya katemera, ija imafuna 2 mpaka 8 digiri usana ndi usiku isamalimbirane moto ndi makompyuta, ndiponso anthu asamatchajirepo mafoni kapena kulumikiza ketulo, ndanena ketulo chifukwa zinachitika. Rauta ikhale ndi SIM ziwiri, TNM ndi Airtel, ina ikagwa ina igwire. Mukonzeretu bokosi la tsiku la tsoka, mafomu osindikiziratu a OPD, lab, pharmacy ndi malisiti, mabolopeni, mndandanda wa mafoni papepala, ndipo mwezi uliwonse sindikizani maina a odwala a matenda okhalitsa ndi amene mankhwala ena amawawenga mutsekere mu kabati ya in-charge. Ma clinician alembe mu health passport mankhwala ndi mulingo wake mokwanira olo adandaule kuti ndi ntchito kawiri, ndipo za kuwenga zilembedwe pachikuto ndi bolopeni yofiira. Tsiku lina masana odwala atachepa zimitsani dala sisitimu ola limodzi muone amene asokonezeke, kwathu anayamba kusokonezeka ndi a cashier.

Za fulashi zija musatengere ine chonde, musalole clerk aliyense kutenga maina a odwala kupita nawo kunyumba, ikatayika pa kabaza ndi matenda a anthu a m'mudzi mwanu omwe ali pamsewu, ndipo pano kuli lamulo la Data Protection Act la 2024 lomwe akuyang'anira a MACRA, mukhoza kulowa m'mavuto enieni. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo chifukwa cha fulashi yomweyo, yosainidwa ndi bwana yemwe uja, sabata imodzi atandithokoza pa miting kuti ndapulumutsa kiliniki ya shuga. Fulashiyo anandilanda ili mu sefa. Ndinagula ina, koma zimenezo tisakambe pano.

Contract yawoyo musanasaine ijambuleni munditumizire ku inbox ndiione tsamba la support lokhalo, ndipo muwafunse ngati ali ndi munthu wawo ku Salima konko kapena onse amachokera ku Lilongwe. Ndathamanga, pa benchi pali anthu.